Nsapato ya m'Chumuni

Lolemba, mvula ya ku Suffolk ikuwaza mwaulesi,
ndinakwera padenga la malemu Maud Catchpole
ndi mtolo wa bango paphewa.
Kanyumbaka n'kakafupi, kopendekera kumadzulo
ngati munthu womva kuitana koma wosafuna kucheuka.
Zipupa n'zadothi, timitengo ndi ubweya wa ng'ombe,
zopakidwa laimu wofiirira,
ndipo khomo lake limaweramitsa aliyense,
ngakhale wa kubanki amene anadzakayeza ndi tepi.

Ndinayamba kusasula.
Pansi pa bango la bambo anga
panali mapesi a tirigu a Hedley Kerridge,
pansi pa a Hedley panali ena, akuda bii ndi mwaye,
a mmisiri amene dzina lake linapita ndi utsi.
Aliyense anamanga mfundo mwa iye yekha.
Wamwayeyo anali wamanzere.
Ndinadziwira mmene chingwe chinapotokera,
ndipo ndinamupatsa moni, poti panalibe wondimva.

Cha m'ma leveni, pachumuni,
njerwa imodzi inagwedera ngati dzino.
Kuseri kwake, m'kaphanga ka dzanja limodzi,
munali nsapato ya mwana.
Imodzi basi.
Chikopa chouma gwa, zigamba ziwiri,
chidendene chodyeka mbali yakunja.
Amati akale ankabisa zotere
kuti choipa chotsikira m'chumuni usiku
chimve fungo la phazi, chilowe, chikodwe momwemo.
Kaya.
Chimene ndikudziwa ine n'chakuti mwanayu ankapotoza phazi poyenda,
ndipo wina anaisoka kawiri asanaipereke kwa njerwa.

Ndili pamwamba pomwepo ndinkaona barani ya pafamu ya Garrod,
nsanamira zake za thundu, zonenepa kuposa ine ndi mlamu wanga,
zolembedwa timizere ta tchizulo
kuti mtanda uliwonse udziwe mnzake pa tsiku lodzutsa.
Makomo ake awiri amayang'anana.
Ankawatsegula onse popuntha tirigu
kuti mphepo idutse pakati, itenge mankhusu, isiye chakudya.
Lero makomowo ndi magalasi.
Pamene ankaima mahatchi pali piyano,
ndipo eni ake amabwera Lachisanu kuchokera ku London
ndi galu wovala juzi.
Sindikuwanena. Akanapanda iwo denga likanagwa chaka cha mkuntho.
Koma kadzidzi anamukhomera kabokosi pamtengo,
kokongola, kopentedwa,
ndipo mpaka lero sanalowemo.

Mayi Verity Ling, amene anagula kanyumbaka,
anatuluka ndi tiyi m'makapu awiri.
Ndinatsika, ndinawaonetsa.
Anaitenga ndi manja onse ngati kamwana ka mbalame.
Anati, kodi tiitumize ku Ipswich,
akaiike m'galasi ndi kapepala?
Ndinati nyumba ndi yanu, mayi.
Anakhala chete, tiyi n'kumazizira pakhoma.
Kenako anafunsa kumene inapita inzake,
ngati kuti ine ndinalipo.

Mwina mwanayo anakula, nakapuntha tirigu kwa Garrod,
nakalamba akupotozabe phazi m'matope a Disembala.
Mwina sanafike nyengo yokolola.
Kutchalitchi kuli timiyala tambiri tating'ono
timene ndere zinadya kale zilembo zake.

Madzulo mayi aja anaimirira pansi pa makwerero
n'kundipatsira nsapatoyo osanena kanthu.
Ndinaibwezera m'kaphanga kake, chala chikuloza kumwamba
monga ndinaipezera,
ndinakanda laimu, ndinatseka njerwa.
Kenako bango, mtolo pa mtolo,
kulimenya ndi chipalo mpaka ligone mofanana,
zala zitachita dzanzi, mawondo atanyowa.

Mfundo zanga ndimamanga kawiri, mokhotera kumanja.
Bango labwino limakhala zaka makumi asanu,
ndiye amene adzasasule sanabadwe.
Adzaona kuti pakona yakumpoto ndinafulumira
chifukwa kunkada,
ndipo adzang'ung'udza, monga ndinang'ung'udzira Hedley lero.